Kufunsira kwa pa Dashibodi

Tafara atatsegula laputopu yake n'kuitembenuzira kwa Alinesi, mtsikanayo anaiyang'anitsitsa kanthawi, kenaka anaphulika nako kuseka mpaka kugwirira tebulo lodulira nsalu.

"Achimwene, ine ndinakuitanani kuti mundithandize pa bizinesi, osati mundigoneke m'chipatala. Timizere tokwera n'kutsikati si tija amaika kumutu kwa munthu wodwala mtima?"

"Amenewa ndi magirafu, sisi Alinesi," anatero mnyamatayo akukanda kumutu. "Ku Harare anthu amalipira mari yambiri kuti aone zoterezi."

"Kuno ndi ku Kadoma. Kuno munthu amalipira chinthu akachimvetsa."

Chinali chaka chija ndalama zogwira m'manja zinasowa m'mabanki. Anthu ankalawirira pamzere m'mamawa, n'kubwerako dzuwa lili paliwombo atangopatsidwa zokwerera kombi, minibasi zakumeneko. Zonse zinasanduka za pakhadi, moti ngakhale wa butchala ankangofunsa kuti, "Muswaipa?" Alinesi ankayendetsa kashopu kosoka maovololo a anthu a m'migodi ndi mayunifolomu a sukulu, kuseri kwa depoti ya mabasi. Banki inamupatsa makhadi atatu ogulira katundu pangongole. Limodzi ankasunga yekha. Lina linali ndi mchimwene wake Pardon, wokapikula nsalu ku Harare. Lachitatu linali ndi Tete Dorica, mlongo wa bambo ake, amene ankagula ulusi, mabatani ndi chakudya cha atelala. Palibe ankaba, koma palibenso ankadziwa kuti khadi lake latsala pang'ono kuuma mpaka litamuchititsa manyazi pakauntala.

Mnzake wina wa kutchalitchi ndiye anamulozera kwa Tafara wa ku Chegutu, katswiri wa zamakompyuta. Anali wamtali, wamanyazi pang'ono, ndipo Chichewa chake chinkatsimphina. Ankati anachiyamwa kwa amayi ake, koma Chishona cha bambo ake chinachiponda.

"Ndiloleni ndifotokozenso," anatero Tafara. "Dalaivala wa kombi sawerenga buku akamayendetsa. Amangoponya diso kamodzi kutsogolo kwake, basi wadziwa kuti mafuta atsala ochuluka bwanji, injini yatentha kapena ayi. Imeneyo ndiyo dashibodi. Ine ndikufuna ndikupangireni yotero ya makhadi anuwa. Munthu akangoswaipa, uthenga wa ku banki uzigwera mommuno wokha."

"Ndiye yanuyi dalaivala akhoza kugwera nayo m'mtsinje wa Mupfure akuwerenga."

Tafara anaseka, ndipo Alinesi anaona kuti akaseka, tsaya lake la kumanzere limachita kadzenje. Anathawitsa maso msanga n'kuyamba kusesa tebulo losesasesa kale.

* * *

Tafara atabweranso, Alinesi anamukhuthulira thumba la zidutswa za nsalu patsogolo.

"Mitundu ndi iyi. Ya olenji iyi ikhale ya nsalu, poti ndi mtundu wa maovololo athu. Yabuluu mafuta a galimoto. Yakhaki lendi ndi magetsi. Yobiriwira zam'mimba. Ndipo mulembe m'chilankhulo chathu, Tete asamachite kundifunsa."

"Zam'mimba? Ndilembe choncho?"

"Nanga sadza imapita kuti?"

Tafara anajambula zidutswazo ndi foni yake kuti atengere mitunduyo. Kenaka maso ake anagwera pa makina a Tete Dorica amene ankalira pakona. Anadzuka, n'kukatola kabobini ka ulusi pansi.

"Tete, ulusi ukatsala pang'ono kutha mumadziwa bwanji?"

"Ndili ndi maso, mwanawe. Bobini imaonda."

"Basi!" anakuwa Tafara mpaka telala wina anadzidzimuka. "Khadi lililonse likhale bobini. Kumayambiriro kwa mwezi yonenepa. Mukamaswaipa izionda, izionda. Ikatsala pang'ono kutha izifiira."

Alinesi anafuna kupeza chotsutsa, koma chinamusowa. Anangoti, "Kani mutuwu uli ndi kanthu."

"Ndinaubweretsa lero. Tsiku lija ndinauiwala mu kombi."

Kuyambira pamenepo Tafara anakhala ngati wa pashopupo. Ntchito yoti akanatha kuigwirira kwawo n'kuitumiza pafoni ankaibweretsa ndi miyendo. Lero akuti wabwera kudzafunsa ngati zilembo zakula bwino. Mawa akuti buluu uja sanamukhutire naye. Awiriwo ankakangana pa chilichonse. Alinesi ankafuna dzina la munthu pansi pa bobini yake, Tafara ankati zithunzi ndiye zabwino. Anagwirizana zoika zithunzi, koma Tete Dorica anakana chawo ati chinawatulutsa okalamba, mpaka anachita kukajambulitsa china atavala duku la ku chigwirizano cha amayi.

Bobini yoyamba kufiira inali ya Pardon, mwezi usanafike n'pakati pomwe. Shopu yonse inamuseka, iye n'kumati makinawo ali ndi tsankho.

"Mnyamata uyu kombi ya ku Chegutu imumaliza," anatero Tete Dorica tsiku lina Tafara atangotuluka, ulusi uli kukamwa. "Kapena pali bobini ina imene akuifuna muno?"

"Tete, inunso!"

"Ine ndangofunsa. Nanga iwe milomo wayamba kupaka liti pobwera kuntchito?"

* * *

Mauthenga a pafoni nawo anasiya kukhala a ntchito yokha.

"Mwadya, bwana?" Tafara ankalemba masana.

"Yang'anani pa zobiriwira, muona."

"Ndaona. Mabanzi okhaokha. Bwana wanga aonda ngati bobini."

"Zikukukhudzani ndi chiyani?"

Apo Tafara ankayamba kulemba, n'kufufuta, n'kuyambanso. Alinesi ankayang'ana timadontho tosonyeza kuti munthu akulemba, mpaka kunkafika kauthenga kozizira: "Mawa ndibwera kudzakonza zilembo." Ankaponya foniyo mu dengu la zidutswa, kenaka n'kuitolanso.

Koma panali wina amene sankafufuta mawu ake. Fred anali wogula golide kwa anthu okumba m'maenje ku Chakari, ndipo ndiye ankagula maovololo ambiri pashopupo. Ankabwera pa galimoto yaikulu yoyera, makiyi akuzungulira pachala. Anali atamufunsira Alinesi kawiri konse, kawiri konse n'kukanidwa mwaulemu. Sanagwe mphwayi. Anangosintha njira, n'kuyamba kudutsira ku Ingezi kwa bambo ake a Alinesi, a Samueli, ndi thumba la shuga kapena botolo la mafuta ophikira.

"Ameneyu ndi ndani?" anafunsa Fred tsiku limene anamupeza Tafara atakhala pampando wa Alinesi.

"Ndi amene akutipangira dashibodi," anayankha Alinesi.

"Dashibodi? Ine ndili nayo yeniyeni panjapo, ya zikopa. Tiye ukaione, ndikakusiye kunyumba."

"Zikomo, a Fred. Ndili ndi miyendo."

Fred anamuyang'ana Tafara kuyambira kunsapato zafumbi mpaka kumutu, n'kutuluka akuimba mluzu.

* * *

Tsiku lomaliza ntchito linafika. Chimene Tafara sankadziwa n'chakuti dzulo lake Alinesi anauza Pardon kuti apachike tivi yakale ya kunyumba pakhoma la shopu n'kuilumikiza, kuti aliyense aziona mabobini ali pamakina ake. Ankafuna amudabwitse akabwera. Chimene Alinesi sankadziwa n'chakuti Tafara anali atawonjezera kabokosi ka zidziwitso pansi pa mabobiniwo, poganiza kuti kazioneka pafoni ya bwana yokha.

M'mawa umenewo shopu inali yodzaza. Atelala onse analipo, amayi awiri akuyesa ana awo mayunifolomu, ndipo Fred anali atatsamira pakhomo kudikira katundu wake. Tivi inalira kuti *ting'*, ndipo pansi pa zithunzi panatuluka zilembo zikuluzikulu zija Alinesi anaumirira kuti zikule.

Tete Dorica anavala magalasi. "Taimani, zalembedwa m'chilankhulo chathu, ndiwerenge ndekha." Anayamba pang'onopang'ono, mokweza ngati akuwerenga mawu a Mulungu kutchalitchi. "Sisi Alinesi, ntchito ndamaliza, koma chifukwa chobwerera ku Kadoma ndikuchifunabe. Mtima wanga wafiira kuposa bobini ya Pardon. Ndi-ma-ku-ko-nda-ni. Ndingakuoneni Lamlungu?"

Makina onse anaima. Kenaka kunabuka nthungululu. Mayi wina wa mayunifolomu, amene sankadziwa n'komwe kuti Tafara ndi ndani, anayamba kuvina pakati pa shopu. Pardon anagwa pa mpukutu wa nsalu akufuula kuti dzina lake lisamalowetsedwe m'nkhani za anthu. Alinesi anathamangira kukazimitsa tiviyo, koma sanapeze batani, ndipo anangoima kutsogolo kwake atatambasula manja ngati nkhuku yofungatira anapiye.

Nthawi yomweyo Tafara analowa, atavala malaya oyera ositidwa bwino. Anayang'ana pakhoma, n'kuyang'ana anthu, n'kuyang'ananso pakhoma.

"Maiwe," anangotero.

"Lowa, mkamwini," anatero Tete Dorica akuvula magalasi. "Zilembo zakula bwino. Tonse taona."

Fred yekha ndiye sanaseke. Ananyamula katoni yake ya maovololo, ndipo podutsa pafupi ndi Tafara anafunsa motsitsa mawu, "Paja kwanu ku Chegutu mumati ndi kwa ndani?"

"Kwa a Gwenzi," anayankha Tafara osaganiza kanthu.

* * *

Lamlungu atatuluka m'tchalitchi, Alinesi anakwera kombi ya ku Chegutu. Anamupeza Tafara akudikira pansi pa mtengo wa jakaranda, maluwa ofiirira atamugwera pamapewa, m'manja muli ayisikilimu awiri amene anali atayamba kale kusungunuka.

"Pepani za tsiku lija," anayamba Tafara.

"Mwandichititsa manyazi pamaso pa Kadoma yense. Mpaka mayi wa tomato akundifunsa za bobini."

"Ndikafufuta kabokosiko."

"Ndani wakutuma?" Alinesi anazindikira kuti wamutchula kuti iwe, ndipo sanabweze. Analandira ayisikilimu n'kunyambita mbali imene inkadontha. "Kasiye. Mwina tsiku lina ndidzafuna kuyankhiramo."

"Yankho lake lotani?"

"Munthu wophunzira ngati iwe sutha kuwerenga? Ndakwera kombi yothinana, ndakhala pafupi ndi thumba la nsomba za kapenta, ndavala diresi yanga ya pa Khirisimasi. Ukufunanso girafu?"

Tafara anaseka mpaka kadzenje kaja kanaoneka, ndipo ulendo uno Alinesi sanathawitse maso. Anayenda m'tauni yonse yaing'onoyo osadziwa kumene akupita. Anadutsa pa fakitale ya nsalu imene inatsekedwa, udzu utamera pageti. Tafara anamuuza kuti ankalota zokagwira ntchito ku Joni koma anaopa kusiya amayi ake. Alinesi anamuuza kuti makina ake oyamba anawagula atagulitsa mafirizesi pa depoti zaka ziwiri. Za ubwana wake sananene zambiri. Anangoti anakulira pa famu, ndipo Tafara, poona kuti nkhope yake yasintha, sanafunsenso.

* * *

Alinesi atafika kunyumba ku Ingezi dzuwa likupendeka, anapeza bambo ake atakhala pakhonde, wailesi ili chete pamwendo. A Samueli sankazimitsa wailesi popanda chifukwa.

"Khala apa."

Alinesi anagwada pambali pa mpando wawo.

"Fred anabwera. Akuti mnyamata amene wakusokoneza mutu ndi mwana wa Gwenzi. Ukumudziwa Gwenzi?"

"Ayi, ababa."

"Ndi mmodzi wa amene anapatsidwa minda pa famu ija. Munda wake ndi wakumunsi, kumene kunali komboni yathu."

Famuyo Alinesi ankaikumbukira bwino. A Samueli anali kapitawo kumeneko, ndipo iye anabadwira komweko. Chaka chimene minda ya azungu inkalandidwa, kunabwera anyamata a zikwanje ndi nyimbo, n'kuuza antchito onse kuti achoke, ati mzungu wanu wapita, inunso pitani kwanu ku Malawi. Kwawo kumene ana sanakuonepo. Anachoka pa thirakitala yobwereka ndi mapoto ndi mabulangete. Chimodzi chokha sanathe kunyamula. Amayi ake a Alinesi, a Rabeka, anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo anagona m'manda a pakomboni. A Samueli anayesapo kamodzi kukawaona, koma anabwezedwa pageti ndi agalu. Chibwererereni tsiku limenelo sanatchulenso dzina la famuyo.

"Anthu amene akudya chimanga chomera pa mayi ako," anatero a Samueli, "ndiwo ukufuna ndidzadye nawo mbale imodzi? Ine ndili moyo, ayi."

"Ababa, Tafara anali mwana nthawi imeneyo."

"Iwenso unali mwana. Unagona m'kalasi ya sukulu miyezi ingati?"

Alinesi anadzuka. Analowa m'nyumba, n'kumuimbira Tafara ali chiimire kuseri kwa chitseko.

"Unkadziwa?"

"Kudziwa chiyani?"

Anamufotokozera zonse.

"Alinesi, ndikulumbira, sindinkadziwa. Sunanditchulire famu yake. Bambo anga anali mphunzitsi, munda anachita kulembetsa, ndipo tinafika patapita zaka anthu atachoka kale. Sitinathamangitse munthu."

"Koma mukulima."

"Inde, tikulima."

Sananame, ndipo chimenecho ndicho chinamupweteka kwambiri Alinesi. Anadula foni.

* * *

Masiku otsatirawo shopu inakhala ngati pamaliro. Mabobini ankaonda bwinobwino pakhoma, Pardon anaphunzira kudziletsa, koma kabokosi ka pansi kanali kopanda kanthu. Alinesi ankakayang'ana kawirikawiri kuposa mabobiniwo. Fred anabwera ndi oda yatsopano yaikulu, akumwetulira ngati mphaka wakuba mkaka.

"Ndinangofuna mdala adziwe zoona," anatero. "Ine ndine wakwanu, Alinesi. Agogo anga anachokera ku Dedza."

"Maovololo anu mudzatenge Lachisanu, a Fred," anayankha osadzutsa mutu.

Loweruka masana, Alinesi akuchapa kuseri kwa nyumba, anamva odi pageti. Anali mayi wachikulire, wamfupi, wovala chitenje ndi zapato za tenesi, nkhuku yoyera ili kukhwapa. Tafara anaima patali kumsewu, manja ali kumbuyo.

"Odi, odi kuno! Eni nyumba alipo?"

Chichewa chake chinali chenicheni, cha pakomboni, chopanda kutsimphina. A Samueli anatuluka, ndipo ulemu unawakakamiza kupereka mpando. Mayiyo anaukana, n'kukhala pansi pakhonde atatambasula miyendo.

"Ine ndine Enesi, mkazi wa a Gwenzi, mayi wa mnyamata wayima apoyo. Musandithamangitse ndisanalankhule, achimwene. Inenso ndine mwana wa pa famu. Bambo anga anachokera ku Ntcheu wapansi, anafera pa famu ya thonje ku Sanyati, ndipo manda awo sindidziwa ngati alipobe."

A Samueli anakhala pansi.

"Titafika pamunda uja, tinapeza manda pansi pa mtengo wa muula, kumapeto kwa munda. Wa thirakitala ankafuna angolima ponseponse. Ine ndinakagona kutsogolo kwa thirakitalayo. Ndinawauza amuna anga kuti amenewa ndi anthu akwathu, mukawalima ine ndikupita. Anandimvera. Anazunguliza waya. Chaka chilichonse mvula isanagwe ndimakalambula, ndipo ndakhala ndikufunsa kuti eni ake ali kuti, koma palibe ankadziwa." Anapuma pang'ono. "Pali amodzi ali ndi mtanda wachitsulo, wowotcherera kuchokera ku khasu la pulawo. Dzina analilemba ndi msomali. Rabeka."

A Samueli anagwira pakamwa. Mtandawo anaupanga okha, m'shedi ya mathirakitala.

"Ulipo?" anafunsa ndi mawu aang'ono ngati a mwana.

"Ulipo. Ndinaupaka penti yoyera. Pepani ngati ndinalakwitsa mtundu."

Alinesi anali asanawaonepo bambo ake akulira, ngakhale tsiku lochoka pa famu lija. Analira mapewa akugwedezeka, mayi Enesi ali phee, nkhuku ikuphethira pamwendo pawo. Atatha anapukuta m'maso ndi chipewa, n'kuyang'ana kumsewu.

"Nanga uyo waima ngati mtengo wa magetsi bwanji? Muuzeni alowe."

* * *

Anapita ku famuko Loweruka lotsatira, onse: a Samueli atavala jekete la kutchalitchi, Tete Dorica, Pardon ndi Alinesi. A Gwenzi anawachingamira pageti, bambo woonda wa imvi, chipewa chili m'manja. Amuna awiriwo anayang'anana kanthawi. Palibe anapepesa, palibe anadzudzula. A Gwenzi anangowomba m'manja mwa Chishona n'kunena kuti, "Fikani, baba. Njira mukuidziwa kuposa ine."

Komboni panalibe, panali chimanga chouma chokhachokha. Koma muula unalipo, ndipo pansi pake panali poyera, posesedwa, mitanda itaima. Tete Dorica anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, mayi Enesi anailandira, ndipo mawu awo anagwirizana ngati anakulira nyumba imodzi. Alinesi anagwada pa manda a amayi ake. Ankaganiza kuti alira kwambiri, koma mtima wake unangopepuka. Ananong'ona kuti, "Amayi, ndabwera. Ndili ndi shopu. Ndipo uyo wamtaliyo, muoneni nokha."

Masana kunali phwando losakonzekera. Anapha mbuzi. Pardon ndi Tafara anapikisana kusenda, onse awiri n'kulephera, mpaka a Samueli anawalanda mpeni. A Gwenzi anafunsa chifukwa chake kumunsi kwa munda kumadikha madzi, ndipo madala awiriwo anapita kukaona, akukangana ngati anzake akale. Tete Dorica anafotokozera mayi Enesi nkhani ya pa tivi, akutsanzira mawu ndi mawu, ndipo mayiyo anaseka mpaka kugubuduka pamphasa.

"Mwana wanga ameneyu! Bambo ake anandifunsira pachitsime ngati munthu, iye pa tivi!"

Pobwerera, Tafara anawaperekeza mpaka ku Kadoma. Mu kombi a Samueli anakhala naye mpando umodzi, ndipo atadutsa mlatho anamugunda ndi chigongono.

"Iwe, Chichewa chakocho uchikonze. Sindifuna adzukulu olankhula ngati akutafuna chimanga chokazinga."

"Ndichikonza, ababa."

"Ndipo uuze akwanu atumize munthu. Zinthu ziyende m'njira yake."

Alinesi, ali mpando wakumbuyo, anabisa nkhope paphewa la Tete Dorica. Tete anamutsina pantchafu n'kuyamba kuwerengera pa zala amayi amene adzaphike paukwati.

* * *

Anatsika ku Ingezi dzuwa lisanalowe, akuseka, Pardon atasenza mwendo wa mbuzi. Atakhota pakona ya msewu wawo, kuseka kunatha. Pageti panaima galimoto yaikulu yoyera.

Fred anali atatsamira chitseko chake, makiyi akuzungulira pachala. Pakhonde, pampando wa a Samueli, panakhala bambo wonenepa wovala suti yatsopano imene inali isanachotsedwe n'kapepala ka pamkono. Alinesi anatenga kanthawi kuti awazindikire. Anali amalume ake a Jobu, mchimwene wa malemu amayi ake, amene ankakhala ku Chakari ndipo anali asanapondepo pakhomopo chichokereni ku famu.

"Alamu, mwabwera," anatero a Jobu osadzuka. "Ndamva kuti mwayamba kugawa ana a mlongo wanga ngati mabanzi."

"Alamu, tiyeni tilowe m'nyumba tikambirane," anatero a Samueli.

"Palibe chokambirana. Kaya tili ku Zimbabwe kaya kuti, mwambo wathu sunasinthe. Bambo amabereka, koma mwini mbumba ndi malume. Ana a Rabeka ndi anga." Analoza Fred ndi chibwano. "Mnyamata uyu anabwera kwa ine mwaulemu, ndi anthu ake. Ndinamulandira, ndipo mawu ndinapereka kale. Alinesi ndi wake."

Alinesi anatembenukira kwa bambo ake, kudikira kuti akalipe monga anakalipira tsiku lija. Koma a Samueli, amene moyo wawo wonse sanaphwanyepo mwambo wa kwawo, anavula chipewa n'kuyang'ana pansi.

Tafara anasuntha n'kuima pambali pa Alinesi. Mtsikanayo anagwira dzanja lake pamaso pa onse, n'kulifinya.

"Amalume," anatero, mawu ake osanjenjemera, "mwayenda ulendo wautali. Ndikuphikirani tiyi. Koma sutiyo musachotse kapepala kake, chifukwa mwina eni ake amene anakugulirani adzaifunanso."

Makiyi a Fred anasiya kuzungulira.